Laputopu ya magemu siigulidwa ndi maso

Palibe munthu wovuta kumupusitsa ngati wageni wa mumsika. Mayi wooda usipa salipira asanapise dzanja mpaka pansi pa dengu, chifukwa amadziwa kuti wouma bwino amauyala pamwamba. Wa kaunjika amalizungulira belo kawiri katatu, kulinyamula kuti amve kulemera kwake. Wogula kachewere pa Tsangano simungamunamize kuti thumba lonse ndi zikuluzikulu. Koma anthu omwewa, tsiku limene mwana wawakakamiza kuti akagule laputopu, nzeru zonsezi amazisiya pa benchi. Akangolowa m'sitolo ya magalasi n'kuona timagetsi tikuphethira pa kiyibodi, basi amangoti, "Tipatseni imene mukuona kuti ndi yabwino, bwana." Abale anzanga, ndalama ya mpamba n'kumaipereka chomwecho?

Nkhaniyi inandipeza kudzera mwa mayi anga aang'ono, amene amagulitsa kaunjika wa ana. Mwana wawo woyamba, mng'ono wanga, ali Folomu 3 anamulonjeza kuti akadzakhoza MSCE adzamugulira laputopu. Iwo ankati mwina aiwala. Kodi mwana amaiwala lonjezo? Zotsatira zitangotuluka, dzina lake lilipo, madzulo omwewo anayamba kufunsa kuti zija zili pati. Mayiwo anadikira mpaka banki m'khonde yawo itagawana, n'kuonjezerapo ya chipereganyu, yonse pamodzi yokwana kuodera mabelo angapo. Kenaka anandiitanitsa. Pabanja pathu mtolankhani amayesedwa wodziwa zonse, kuyambira mtengo wa feteleza mpaka matenda a nkhuku.

"Mwana wanga, ndalama ndi iyi," anatero. "Ine za makompyuta sindizidziwa. Mng'ono wakoyu akuti akufuna yolembera za sukulu akapita ku koleji, koma ndamumva akuuza anzake kuti ikhale yokoka FIFA. Chimene sindikufuna ine ndi kugula kawiri."

Mawu omalizawo ndi amene ndinawasunga. Wolemera akagula cholakwika amangoseka n'kugula china. Ife tikaphonya ndiye kuti mpamba wapita, ndipo laputopu siili ngati diresi loti ukatsitsa mtengo Loweruka lituluka ndithu. Komanso katunduyu sapangidwa kuno. Amabwera kuchokera ku Johannesburg, Dar es Salaam, Dubai, China kapena ku Mangalande, ndiye mtengo wake umatsata dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nonse munaona mmene mitengo ya zinthu zakunja inathawira. Mpata woyesera mwayi palibe.

Tisanakwere minibasi ndinamukhazika mnyamatayo pansi n'kumufunsa funso limene ambiri amalidumpha: gemu yake iti? Mawu akuti "yokoka magemu" alibe mutu. Zili ngati munthu wakuti akufuna galimoto yonyamula katundu. Katundu wanji, matumba awiri a makala kapena matani khumi a chimanga? Magemu amasiyana kulemera kwake momwemonso. Alipo amene laputopu wamba ya mu ofesi imawanyamula bwinobwino, ndipo alipo ena amene ingangowayang'ana n'kuzima. Gemu iliyonse eni ake amalemba poyera makina amene imafuna. Werengani zimenezo musanatuluke pakhomo, muzilembe pa kapepala, kapepalako mukaike m'thumba limodzi ndi ndalamazo.

Nazi zitsanzo. GTA San Andreas, imene inafika pa kompyuta mu 2005, ndi PES 2017 zimayenda ngakhale pa makina akalekale. GTA V ya 2015 eni ake analemba kuti imayambira pa RAM ya 4GB ndi graphics ya 1GB, ngakhale mtundu wake watsopano wa 2025 umafuna makina amphamvu kuposa pamenepo. Tsono gemu ya mpira imene anyamata onse amaitchulabe kuti FIFA inasintha dzina. FIFA 23 ya mu 2022 inali yomaliza, ndipo kuyambira 2023 kampani ya EA imaitcha EA Sports FC. Ya FC 24, pochepetsetsa penipeni, imafuna RAM ya 8GB, graphics ya GTX 1050 Ti ndi malo okwana 100GB. Nayo PES inasanduka eFootball mu 2021. Mng'ono wanga anati iye akufuna ya mpira yatsopanoyo. Apo ndinadziwa kuti theka la malaputopu a m'tawuni muno sakutikhudza.

Kuti mayi aang'ono asamangotiyang'ana pakamwa, ndinawafotokozera m'chinenero cha mumsika. M'laputopu muli zinthu zinayi zofunika. Processor ndi mwini geni, amene amawerengera ndi kulamula zonse. RAM ndi benchi yoyalapo katundu amene akugulitsidwa nthawi imeneyo. Benchi ikachepa, mwini geni amangokhalira kuthamangira kukatenga zinthu, makasitomala n'kumadikira. SSD kapena hard disk ndi chipinda chosungiramo mabelo. Ndiye pali graphics, mmisiri wojambula zithunzi zimene timaona pa sikirini. Polemba kalata mmisiriyu amangokhala. Pa gemu ayenera kujambula chithunzi chatsopano maulendo 30 kapena 60 pa sekondi iliyonse. Akalephera, osewera mpira aja amayenda modukizadukiza ngati ng'ombe yodwala, mpira uli kale m'golo iwe ukuuonabe pakati pa bwalo.

Mfundo yaikulu ya nkhani yonseyi ili apa, ndiye muigwire. Benchi mukhoza kuikulitsa chaka chamawa, chipinda chosungira katundu mukhoza kuchisintha. RAM ndi SSD pa malaputopu ambiri zimachotseka, ndipo wokonza makompyuta aliyense wodziwa ntchito yake amaika zina. Koma processor ndi graphics anazimatirira pa bolodi. Mmene mwaigulira ndi mmene idzafere. Choncho munthu wa ndalama zochepa aike ndalama yake pa chinthu chosasinthikacho, makamaka graphics, zinazo azidzaonjezera geni ikayenda.

Sitolo yoyamba imene tinalowa, mnyamata wogulitsa anationa kuti tabwera ndi mayi wa chitenje, nkhope yake n'kuwala. Anatulutsa laputopu yopyapyala, yasiliva, yonyezimira ngati yangotuluka kumene m'bokosi.

"Mayi, iyi ndi Core i7, mapeto a zonse. Graphics 4GB. FIFA imangouluka. Mwana wanu adzakuthokozani mpaka kale."

Mng'ono wanga maso anali atatuluka kale. Mayi aang'ono dzanja linali litayamba kulowera kuchikwama. Ine ndinangopempha kuti aiyatse. Ndinadina mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, n'kutsegula pamene alemba kuti Performance. Pamenepo kompyuta imanena yokha zimene ili nazo, siitengera sitika yomata panja. Inalidi i7, wogulitsayo sananame. Koma dzina lake lonse linali i7-6600U, ndipo graphics yake inali Intel HD Graphics 520. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Manambala amenewa asakuopseni, ndi osavuta kuposa kuwerengera chiongoladzanja cha banki m'khonde. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere imanena m'badwo. Ya 6600U ndi m'badwo wa 6, wa mu 2015. Ya 8250U ndi m'badwo wa 8, ya 9300H ndi wa 9, ndipo ikakhala 10300H kapena 1135G7 mumawerenga manambala awiri oyamba, 10 kapena 11. Chilembo chakumapeto nachonso chimalankhula: U ndi processor yosunga batire, yopangira ntchito za mu ofesi, pomwe H ndi yamphamvu, yodya magetsi ambiri. I7 ya 2015 ija ili ndi mitima iwiri yokha, imene eni ake amati ma core, pamene i5-8250U ya 2017 ili nayo inayi ndipo imaisiya kutali. Dzina lakuti i7 lili ngati kunena kuti galimoto ndi Benz osatchula chaka. Kumbali ya kampani ya AMD, funani Ryzen 5 monga 3550H, 4600H kapena 5600H. Mukaona Celeron kapena Pentium, pa nkhani ya magemu atsopano tsanzikani mwaulemu.

M'badwowu uli ndi ntchito inanso. Kampani ya Microsoft inatseka chithandizo chake chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imalandira mwalamulo ma processor a Intel oyambira m'badwo wa 8, ndi a Ryzen a m'malaputopu oyambira m'gulu la 3000. Anyamata okonza amadziwa njira zoikakamiza pa makina akale, koma chokakamiza sichikhalitsa mtendere. Ngati mwana ati akhale nayo zaka zinayi za ku koleji, musatsike pansi pa m'badwo wa 8.

Nanga 4GB ya graphics ija inachokera kuti? Apa ndi pamene ambiri amadyeredwa. Pali graphics ya mitundu iwiri. Ina imakhala m'kati mwa processor momwemo ndipo ilibe benchi yakeyake, imangobwereka mbali ya RAM. Laputopu ija inali ndi RAM ya 8GB, ndiye kompyuta inkaonetsa kuti graphics ikhoza kubwereka mpaka theka lake, 4GB. Wogulitsa anangotenga nambala ya ngongoleyo n'kuitcha chuma. Graphics inayo ndi yoima payokha, ya Nvidia kapena AMD, yokhala ndi benchi yakeyake. Pa Performance pomwepo, dinani pamene alemba GPU, muyang'ane mzere wakuti Dedicated GPU memory. Nambala imeneyo ndiyo yeniyeni. Ya mzere wakuti Shared ndi ya katapila.

Komanso sikuti sitika iliyonse yobiriwira ya Nvidia ndi ya magemu ayi. Ma graphics otchedwa 920M, 940MX, MX150 kapena MX330 ndi ofooka, angokhala pamwamba pang'ono pa wamba. Makwerero a munthu wa ndalama zochepa ali chonchi. Pansi pali GTX 1050 ndi 1050 Ti za 2017, zimene zakalamba tsopano. Pakati pali GTX 1650 ya 2019, yokhala ndi 4GB yakeyake, imene kwa ine ndi poyambira pabwino. Pamwamba pake pali GTX 1660 Ti ndi RTX 3050 ya 2021, kenaka RTX 4050 ya 2023 ya 6GB, imene ambiri a ife tingoimva pa wailesi. Ma graphics amenewa mumawapeza m'malaputopu monga Acer Nitro 5, Lenovo IdeaPad Gaming 3, HP Victus, ASUS TUF ndi Dell G15. Ndi zonenepa, zolemera, zokhala ndi mabowo ambiri otulutsira mpweya wotentha. Laputopu yopyapyala ngati buku la ngongole kawirikawiri si ya ntchito imeneyi.

Ndisanamizire malaputopu a mu ofesi. Ma ThinkPad, Latitude ndi EliteBook amene amabwera atagwirako ntchito m'makampani akunja ndi olimba zedi, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Ngati mwana wanu akukhutira ndi PES 2017 ndi San Andreas, imodzi mwa imeneyi ya m'badwo wa 8 imukwanira, ndalama yotsalayo mubwezere pa geni. Yokhala ndi Ryzen 5 kapena Intel Iris Xe ya m'badwo wa 11 imayesetsa ndithu pa magemu apakati monga GTA V ya 2015, mukatsitsa kukongola kwa zithunzi. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa lole pogula njinga ya kabaza.

Za RAM, 8GB ndiye pansi penipeni masiku ano, 16GB ndiye mtendere. Funsani ngati muli malo awiri oikamo RAM, chifukwa ena anaimatirira osasiya mpata woonjezera. Timitengo tiwiri ta RAM timathamanga kuposa kamodzi, monga mmene ogulitsa awiri pa benchi imodzi amachepetsera mzere, ndipo phindu lake limaoneka kwambiri pa graphics yobwereka ija. Posungira zinthu, SSD imatsegula Windows ndi magemu mofulumira kwambiri kuposa hard disk yozungulira, komanso siifa msanga laputopu ikagwedezeka m'minibasi. Koma werengerani malo. SSD ya 256GB, mukaikamo Windows ndi gemu imodzi ya 100GB, yatsala pang'ono kudzaza. Ya 512GB ndiyo yopumira.

Pali zina zimene wogulitsa amazikweza mawu koma sizithamangitsa gemu ngakhale pang'ono: timagetsi tamitundumitundu pa kiyibodi, sikirini yogwira ndi chala, chithunzi cha chinjoka pachivundikiro. Sikirini ya 1920 x 1080 ndi yokwanira. Ya 144Hz ndi yabwino, koma graphics yaing'ono siingaidyetse pa magemu olemera, ndiye musaonjezere ndalama chifukwa cha iyo.

Titazungulira mpaka miyendo kuwawa, tinafika pa kashopu ka bambo wina wokonza makompyuta, kopanda magalasi, kodzaza ndi mawaya. Anatulutsa laputopu yakuda, yokalikakalika pachivundikiro, yolemera ngati njerwa ziwiri. Mng'ono wanga anakwinya nkhope. Koma m'kati munali i5-9300H, GTX 1650 ya 4GB, RAM ya 8GB ndi SSD ya 512GB. Ndinapempha kuti tiseweremo gemu ya mpira ija kwa mphindi 30, bamboyo n'kutipatsa mipando. Musavomere kuyesa kwa mphindi ziwiri. Laputopu yodwala imayamba bwino, matenda ake amaoneka ikatentha: gemu imayamba kudukiza, fani imalira ngati chigayo, mwinanso imazima yokha. Processor ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro kuti isapse. Pamene mnyamatayo ankasewera, ine ndinaika dzanja potulukira mpweya kuti ndimve ngati ukutuluka mwamphamvu. Atatha, tinadina batani lililonse la kiyibodi, kuyesa mabowo onse a fulashi, kamera, sipika ndi WiFi, kutsegula ndi kutseka chivundikiro kuti tione mahinjesi, n'kuika chithunzi choyera pa sikirini kufunafuna timadontho ndi mizere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batire nalo limadziulula lokha. Mukatsegula Command Prompt n'kulemba kuti powercfg /batteryreport, kompyuta imatulutsa lipoti. M'menemo muli manambala awiri: Design capacity, mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano, ndi Full charge capacity, imene likusunga lero. Pa yathuyi nambala yachiwiri inali pafupifupi theka la yoyamba. Sindinadandaule kwambiri, ndinangowanong'oneza mayi aang'ono kuti asunge mfundoyo. Laputopu ya magemu, ngakhale batire likhale latsopano, mukamasewera osalumikiza ku magetsi imatha mu ola limodzi kapena awiri, ndiponso imadzichepetsa mphamvu. Amene akukuuzani kuti mudzasewera usiku wonse magetsi atazima akukunamizani.

Zimenezi zikutifikitsa pa nkhani ya magetsi. Tchaja ya laputopu ya mu ofesi imakhala ya 45W kapena 65W. Ya magemu imayambira cha pa 135W kupita m'mwamba. Onetsetsani kuti akupatsani tchaja yakeyake, muwerenge nambala yolembedwa pa iyo, chifukwa yaing'ono imachititsa kuti batire lizitsika gemu ili m'kati ngakhale mwalumikiza. Tchaja ya 135W ikamakoka mphamvu yake yonse, maola 7 ndi theka amadya yuniti imodzi ya magetsi. Amene mumadalira kasola kounikira ndi kutchajira mafoni, dziwani kuti sikangainyamule. Gulaninso kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa nthawi yoopsa ndi pamene akubwerera atazima. Ndipo mwana mumuuze: laputopu siikhala pa matilesi kapena pa bulangete, imapumira pansi. Fumbi la mwezi wa Okutobala limatseka mafani, ndiye kamodzi pa chaka ipite kwa wokonza akaipukute m'kati.

Tsopano nkhani imene ingakugonetseni m'chitokosi. Mukaona mnyamata akukutsatirani ndi chikwama, akutchula mtengo wa theka, tchaja alibe, akungoyang'ana uku ndi uku, musayese n'komwe. Malaputopu amabedwa m'mahositelo a ophunzira, m'maofesi ndi m'magalimoto, ndipo lamulo limalanga wolandira katundu wakuba. Apolisi akabwera, ndalama yapita, laputopu yapita, dzina lanu mumsika laipa. Gulani kwa munthu amene mawa mukamupeza pamalo pomwepo. Alembe lisiti lokhala ndi dzina lake, tsiku, mtengo ndi nambala ya laputopuyo, imene imalembedwa kunsi kwake. Muonenso kuti poyatsa siikufunsa pasiwedi ya munthu wina kapena kuonetsa dzina la kampani ya eni ake, chifukwa maloko ena savuta pang'ono kuchotsa.

Walira mvula walira matope. Laputopu ikafika pakhomo, magemu nawo amafuna ndalama. Ya mpira yatsopano imagulidwa pa intaneti ndi khadi ya kubanki, m'ndalama zakunja, ndipo kuikoka kokha kumadya bandulo yoti foni yanu ikanayendera miyezi. Alipo aulere monga eFootball, Fortnite ndi Counter-Strike 2, koma amafuna intaneti yokhazikika. Sitolo ya pa intaneti ya Steam imatsitsa mitengo pakati pa chaka ndi nyengo ya Khirisimasi, ndipo ya Epic Games imagawa gemu yaulere sabata ndi sabata. Mu Meyi 2020 inagawa GTA V imene. Ndikudziwa kuti ambiri amangopita ndi fulashi kwa anyamata oika magemu obedwa. Kupatula kuti ndi kuba, magemu otero kawirikawiri amabwera ndi mavairasi, ena oba mapasiwedi. Ngati laputopu yomweyo muzidzalowera nayo ku akaunti ya kubanki, ganizani kawiri.

Kwa inu amene mukufuna kutsegula geni yoseweretsa ana magemu pa ndalama, monga mmene ena amachitira ndi mavidiyo sho, langizo langa ndi lina. Laputopu si chida chake. PlayStation 4, imene inatuluka mu 2013, yogwirako ntchito, pamodzi ndi TV ndi mapadi awiri, imapirira manja a ana ambiri ndipo siifuna ukatswiri. Kompyuta ya pa tebulo nayo imapereka mphamvu zambiri pa ndalama yomweyo, ndipo graphics yake imasinthika. Laputopu mumailipira chifukwa chakuti imanyamulika. Mng'ono wanga ankafunika kupita nayo m'kalasi, n'chifukwa chake tinalimbana nayo.

Manambala atatha, ntchito yanga inathera pomwepo. Mayi aang'ono anakonza chitenje, n'kukhala bwino pampando.

"Achimwene, mwati zingati?"

Bamboyo anatchula mtengo. Mayiwo anaseka ngati amva nthabwala ya pamaliro.

"Batire lake ndi la theka, mwana wangayu waona. Chivundikiro chokalika ngati mphika wa kumpanda. Ndiye mtengo ukhale wathunthu bwanji?"

"Mayi, dola yakwera. Inenso ndinaoda modula."

"Dola yakwerera tonse, achimwene. Inenso belo ndimaoda ndi dola yomweyo, koma malaya ong'ambika sindigulitsa mtengo wa abwino."

Anakokana pafupifupi ola lathunthu. Kawiri konse mayiwo anaimirira n'kufika pakhomo, mng'ono wanga mtima uli m'mwamba. Pomaliza mtengo unatsika, bamboyo anaikamo kamtengo kena ka RAM ka 8GB ngati banyira kuti ikwane 16GB, n'kulemba pa lisiti kuti ikavuta mwezi usanathe tibwere nayo. Ndalama imene inatsala inakwana kuodera belo limodzi la zovala za ana.

M'minibasi pobwerera mayiwo anapereka malamulo awo, anthu onse akumva. Gemu ya mpira asadzaiseweretse pa ndalama, chifukwa anamva kuti anyamata ena amabetcherana, ndipo tsiku limene adzamve zimenezo laputopu ikagona pansi pa benchi kumsika. Mayuniti a magetsi akatha msanga, aziguliratu yekha ndi ndalama ya maganyu. Lachitatu linali loti Lamlungu lililonse madzulo, asanagwire padi, azilemba m'kompyutamo katundu amene walowa, amene watuluka ndi maina a onse otenga pa ngongole. Mnyamatayo anavomera zonse mofulumira, laputopu ataikumbatira pachifuwa.

Lamlungu lachitatu lake, atawerengera bwinobwino, anapeza kuti ngongole zimene makasitomala anali asanabweze zinkaposa phindu la mwezi wathunthu. Lolemba m'mawa mayi aang'ono anatuluka ndi pepala losindikiza m'manja, kuyenda khomo ndi khomo. Inu amene munatenga timadiresi ta Khirisimasi n'kumati aiwala, konzani ndalamazo, dzina lanu lili m'kompyuta.